Eni nyumba ali ku Mzuzu

Mu Blantyre nyumba ya lendi siisowa. Yosowa ndi nyumba yoti munthu wa malipiro a pamwezi alipire, adye, akwere minibasi, n'kutsalako ndi ya sopo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo sagona ku Namiwawa, ku Sunnyside kapena ku Nyambadwe. Ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Mbayani, ku Zingwangwa, ku Chilobwe ndi ku Machinjiri, m'nyumba zomwe anthu wamba adamanga pamapuloti awo, njerwa chaka chino, malata chaka chamawa. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, zija za ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Chinyonga, lendi yake ndi yofewerapo, koma wolowamo satulukamo, ndipo mzere wa odikira udatalika kalekale. Wachinyamata amene wangoyamba ntchito amatsala ndi njira ziwiri: kuyenda khomo ndi khomo kufunsa, kapena kudzipereka m'manja mwa ejenti.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, adatenga njira yachiwiriyo. Adapeza ntchito ku Ginnery Corner mu Seputembala 2023, n'kumagona pabalaza pa msuweni wake ku Chilomoni, kuyala mphasa ena onse akagona, kuipinda ana asanadzuke. Mkazi wake ndi mwana wa chaka chimodzi adatsala kumudzi ku Thyolo. Masabata oyamba adayenda bwino. Kenaka mkazi wa msuweniyo adayamba kufunsa, mwaulemu ndithu, pomuikira madzi kubafa: "Alamu, za nyumba zija zili pati?" Foni yochokera ku Thyolo inkafunsanso zomwezo. Munthu wogona pabalaza pa eni ake safuna nyumba ndi maso, amaifuna ndi manyazi, ndipo akuba a m'tauni manyazi amenewo amawanunkhiza patali.

Maejenti a m'makwalala si onse akuba, tisawanamizire. Alipo amene amadziwa khomo lililonse la m'dera lawo, amene amamva kuti pa a uje patuluka munthu katundu asanamangidwe n'komwe, ndipo amakupulumutsira nsapato. Koma kachitidwe kawo kali ndi mbedza. Umalipira ndalama yoonera nyumba usanaione. Ukaikonda umawonjezera ina, kawirikawiri gawo la lendi ya mwezi woyamba. Ndiye ejenti amadya ngakhale nyumbayo uikane, ndipo ena adazindikira kuti kuonetsa anthu khumi nyumba imodzi yoipa kumapindulitsa kuposa kupezera munthu mmodzi nyumba yabwino. Mphwanga adazungulitsidwa motero Loweruka ndi Loweruka: chipinda cha kuseri kwa chigayo, china choyang'anizana ndi chimbudzi cha midadada iwiri, china chomwe adapezamo munthu akuphika, wosadziwa n'komwe kuti akusamuka. Ofesi palibe, lisiti palibe. Pali foni ziwiri m'manja ndi pakamwa pokoma.

Kenaka adaona zithunzi pa Facebook. Zipinda ziwiri, selefu, matailosi, siling'i, mita yakeyake ya magetsi, mumpanda, chakufupi ndi Naperi, koti kuntchito n'kungoyenda wapansi. Lendi yake idali pafupifupi theka la mitengo ya nyumba zotere kuderalo. Mtengo umenewu ukadayenera kumuimitsa, koma ndi umene udamuthamangitsa.

"Bigi, nyumba iyi siigona," adatero wa pafoniyo. "Pali nesi wina akubwera nazo ndalama Lolemba. Koma ine ndamva mawu anu, ndinu munthu waulemu. Bwerani mawa lomweli."

Nyumbayo idalipodi. Geti adatsegula ndi mnyamata wa ovolosi yothimbirira penti, makiyi atatulutsa m'thumba mwake. M'kati munkanunkhira penti watsopano, zitini zili pakona, manyuzipepala atayalidwa pansi. Mphwanga adatsegula mpopi wa kukhitchini, madzi adatuluka mwamphamvu. Adakanikiza swichi, babu lidayaka. Adatsegula mawindo, adagwedeza zitsulo za m'mawindomo, adayeza ndi mapazi kuti aone ngati bedi likwana. Zonse zimene munthu angaone ndi maso adaziona.

"Eni ake ali ku Mzuzu pa ntchito," adatero ejenti, "koma tiyankhule nawo pompano." Adaimba, n'kuika foni pa sipika. Mawu adali a munthu wachikulire, wodekha, wosapupuluma. Sadayambe ndi ndalama. Adafunsa kwawo kwa mphwanga, mpingo umene amapemphera, ngati ali pabanja, ngati amamwa. "Mwana wanga, kwa ine ndalama si nkhani. Amene anatulukayo anandiphwanyira zinthu. Ndikufuna banja loti lindisamalire pakhomo." Mtengo wotsika uja tsopano udapeza chifukwa chake, ndipo mphwanga adadzimva kuti wasankhidwa. Za ndalama zidabwera kumapeto, mosavutikira: mwambo wake ndi miyezi itatu, makiyi pa 1 penti akauma, ndipo woyamba kulipira ndiye mwini mwayi, poti nesi uja adamulonjeza kale.

Adali ndi ya mwezi umodzi ndi theka. Yotsalayo adakongola kwa mnzake wa kuntchito amene amabwereketsa mwa katapila. Adatumiza pafoni. Uthenga utabwera udaonetsa dzina la mzimayi. Ejenti adati ndi mayi a kunyumba, abambowo nambala yawo idadzaza. Adang'amba tsamba la kope, adalembapo kuti ndalama zalandiridwa, adasaina, n'kulandiranso komishoni yake pamanja.

Usiku womwewo adandiimbira. "Malume, Mulungu wandiyankha." Ndidafunsa ngati eni nyumbayo wawaona. Ali ku Mzuzu. Ngati wacheza ndi oyandikana nawo. "Ndicheze nawo za chiyani, malume? Nyumba ndaiona ndi maso angawa." Ndalama zidali zitapita kale masana.

Pa 1 Novembala kalole kadanyamuka ku Thyolo m'bandakucha: bedi, matiresi, mbaula, ndowa, thumba la chimanga, mkazi ndi mwana kutsogolo. Pofika pageti adapeza galimoto ina itaima kale, ya mphunzitsi wina wamkazi, mipando itamangidwa pamwamba. Naye adatulutsa tsamba la kope, zilembo zake zomwezija. Foni ya ejenti siinkapezeka, ya ku Mzuzu chimodzimodzi. Phokoso litakula padatulukira bambo wina wa imvi, atavala masilipasi, kuchokera nyumba yachitatu mumsewu womwewo. Adali mwini nyumba. Ku Mzuzu sadakhaleko. Nyumbayo ankaipentera mwana wawo amene ukwati wake udali pafupi. Mnyamata wa makiyi uja adali wothandizira wopenta; iye adangouzidwa kuti kukubwera achibale a eni nyumba kudzaona, n'kupatsidwa ya Fanta.

Chinyengochi n'chakale, ndipo chimagwira chifukwa pafupifupi zonse za m'menemo n'zoona. Nyumba ndi yeniyeni, madzi ndi enieni, makiyi amatseguladi. Bodza ndi limodzi lokha, lakuti wolandira ndalamayo ali ndi gawo pa nyumbayo, ndipo bodza limeneli silioneka m'kati mwa nyumba. Limaoneka kunja kwa mpanda. Pakona pa msewu umenewo padali kagolosale, ndipo mwini golosaleyo ankagulitsa buledi kwa bambo wa imvi uja m'mawa uliwonse. M'madera athu nyumba iliyonse ili ndi dzina, ndi pa a uje, ndipo wogulitsa tomato, wa kabaza wa pasiteji, mayi wochapa pakhonde, onse amalidziwa. Amfumu a m'deralo amadziwa ngakhale mkangano umene uli pa puloti. Mphindi zisanu ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi zikadakwanira.

Ambiri amadalira zoti kuyambira 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye wakuba apezeka basi. Wakuba amadziwanso zimenezo. Nambala amalembetsa ndi chiphaso cha munthu wina, mwina gogo wa kumudzi amene sadziwa kanthu, ndipo ndalama amakazitapa iwe usanafike n'komwe pasiteji. Mphwanga ndi mphunzitsi uja adakalemba sitetimenti kupolisi. Ndi bwino kutero, chifukwa madandaulo akachuluka akubawa amagwidwa ndithu, koma ndalama zobwerera musaziikire mphika pamoto.

Si nthawi zonse wolandira ndalama amakhala wosaoneka. Nthawi zina amakhala m'nyumbamo ndithu: tenanti amene wapatsidwa notisi, watsala ndi sabata, n'kudzipanga mwini. Nthawi zina ndi amene adapatsidwa nyumba ya Housing n'kumaibwereketsa mobisa pamtengo wokwera, zomwe malamulo a bungwelo salola. Tsiku lofufuza wotulutsidwa ndiwe. Ndiye pali nyumba za masiye, zomwe mwana mmodzi amalandira lendi abale ake osadziwa, ndipo mwezi wachiwiri umangoona atsibweni ndi azakhali atadzaza pakhonde kudzafunsa kuti iwe ndiwe yani.

Mwambo wa miyezi itatu uli ndi chifukwa chake. Eni nyumba nawonso adapsapo ndi matenanti osamuka usiku, osiya ngongole ndi chitseko cha pululu. Koma mwambo womwewo ndi umene umakuza bala, chifukwa ndalama zimene munthu wasonkhanitsa kwa abale ndi kwa katapila zimachoka zonse nthawi imodzi. Ndalama zotere zimayenera kusinthana ndi makiyi tsiku limodzi, pakhomo pomwepo, kwa munthu amene dzina la pachiphaso chake ndi lomwe oyandikana naye atchula. Mwini nyumba akakhaladi kutali, amakhala ndi mbale kapena woyang'anira amene dera lonse limamudziwa. Mawu a pasipika si woyang'anira.

Katundu wa mphwanga adakatsitsidwa pakhonde pa msuweni uja ku Chilomoni, n'kufunditsidwa pepala la pulasitiki. Pabalaza tsopano pankagona atatu. Katapila ankawerenga masiku. Munthu akafika apa safunanso nyumba yabwino, amafuna yotchipa, ndipo kuluza kwachiwiri kumabwera popanda wakuba aliyense.

Ina adakaiona kumtunda kwa Chilobwe, m'mbali mwa phiri la Soche. Mtengo udali wosangalatsa kwambiri, ndipo chifukwa chake chidali poyera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osakata, ndipo matope ndi miyala zidatsika m'phirimo n'kukokolola nyumba anthu ali m'kati. Dziko lidataya anthu mazanamazana, ena sadapezeke mpaka lero. Mkazi wa mphwanga adayang'ana chigwembe chomwe madzi adakumba, adayang'ana zimiyala zitakhala pomwe padali makomo a anthu, adamangitsa mwana kumsana. "Inu, kuno ine sindigona." Adatsika osalowa n'komwe m'nyumbamo. Pa nkhani yonseyi, apa pokha ndi pomwe wina adafunsa chimene nyumba yatchipira ndalama zisanatuluke.

Adakapeza ku Machinjiri: mdadada wa makomo anayi, chipinda ndi balaza, laimu watsopano mbee. Ulendo uno mwini nyumba adamuona ndi maso, mayi wamasiye wokhala m'nyumba yakutsogolo pa puloti yomweyo, ndipo wa pagolosale adavomereza kuti ndi pawo. Funso limene lidamudyera ndalama adalifunsa. Ena onse adawasiya.

Sadawerengere minibasi. Lendi timaiwerenga pamwezi, minibasi timailipira patsiku, ndiye m'mutu lendi ndiyo imaoneka yaikulu. Tingoyerekeza ndi manambala osavuta. Nyumba ya koyenda wapansi ikhale K90,000, ya kutali K50,000, wapulumutsa K40,000. Koma kutaliko ukwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Iliyonse ikhale K700, ndiye K2,800 patsiku. Masiku 24 ogwira ntchito ndi K67,200. Nyumba yotchipa ija yadula kuposa inzake, usanawerengere kabaza wa tsiku lomwe wachedwa, ndi madzulo a mvula pomwe kondakitala amatchula mtengo umene wamufikira pakamwa. Mwezi umene mphwanga adalowa m'nyumba ya ku Machinjiri ija, Novembala 2023, ndi womwe Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, minibasi zidakwera nthawi yomweyo, malipiro adakhala pomwepo. Mu Januwale mayi a nyumba adakweza lendi, ati simenti yakwera. Simenti ya nyumba imeneyo idagulidwa zaka zambiri zapitazo, koma sindiwada mayiwo: makomo anayi aja ndiye penshoni yawo, ndipo shuga adawakwereranso iwo.

Madzi ndiwo adazunza kwambiri. Tsiku loona nyumba mpopi wa pabwalo udali wouma. Mayi a nyumba adati angosiya m'mawa womwewo. Koma kuseri kwa khomo lililonse kudali migolo ndi zigubu zachikasu zili mndandanda, ndipo pakhomo pomwe madzi amatuluka tsiku ndi tsiku anthu sasunga zigubu khumi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kukankhidwa ndi makina a magetsi kukwera mtunda wonsewo kudzera ku Chileka. Magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, okhala pamtunda ndi a kumapeto kwa mapaipi ndiwo amayamba kusowa, ndiwonso amamaliza kulandira. Pamdadada uja madzi ankabwera pakati pa usiku, kwa maola ochepa, ndipo mkazi wa mphwanga adaphunzira kugona khutu limodzi lili kumpopi. Bilu ankagawana pa mutu, khanda lomwe kuwerengedwa. Kenaka tsiku lina adafika odula madzi. Ndalama zomwe matenanti ankasonkha sizinkapita konse kumene zimayenera kupita, ndipo ngongole ya madzi imatsata mita, siitsata amene adasamba. Kudatsala kiyosiki, kolipira ndowa iliyonse, ndi chitsime cha kudambo, kumunsi kwa zimbudzi zokumba za dera lonselo. Izi zinkachitika patangopita miyezi kuchokera pomwe kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mwana wa chaka chimodzi amaika m'kamwa chilichonse.

Za magetsi ndingodutsapo, chifukwa aliyense amene adakhalapo pa mita imodzi ndi anzake akuzidziwa. Mayunitsi osonkherana amatha pa 20. Msonkhano umaitanidwa. Wina amanenedwa kuti amaphika nyemba pa hotipuleti usiku, wina kuti amasita zovala za ganyu, pomwe wa khomo lakumapeto ali ndi filiji ya mafilizesi ogulitsa, koma poti ndi mbale wa mayi a nyumba palibe womutchula. Mapeto ake onse amagula makala ndi kandulo.

Mvula idadzaulula zotsala. Nyumba yoonedwa m'chilimwe imabisa zambiri: fumbi lili paliponse, denga lililonse ndi labwino. Koma zizindikiro zidalipo. Pakhomo lililonse padali kakhoma ka njerwa ziwiri kochita kudumpha polowa. Pansi pa laimu watsopano uja pankaoneka mzere wakuda wopitirira m'akakolo, kuzungulira chipinda chonse. Pamalata padali zigamba za phula. Pomwe pulasitala adagumuka pankaoneka kuti njerwa zake ndi zidina. Ndipo mdadadawo udali kumunsi kwa msewu wopanda ngalande, ndiye madzi onse a kumtunda njira yawo idali yomweyo.

Usiku wina wa Januwale adadzidzimuka mwana akulira. Mphwanga potsitsa phazi adaponda m'madzi. Adayatsa tochi ya pafoni: masilipasi akuyandama, mbaula yamira theka, thumba la chimanga la ku Thyolo lija lanyowa kuchokera pansi. Mkazi wake adakwera pabedi ndi mwana, ndowa ya ufa ataikumbatira pamiyendo. Iye adatenga beseni n'kuyamba kukapa madzi kutaya pakhomo, pomwe ena ankalowera. A khomo loyandikana nalo ankachita chimodzimodzi, osayankhula, osadabwa, aliyense ndi beseni lake. Fungo lidawauza kuti chimbudzi cha kuseri chasefukira.

Kutacha, akuyanika zofunda pachingwe, mkazi wa mphwanga adafunsa mayi wa khomo lachiwiri ngati zimenezi zidachitikapo.

"Chaka chilichonse, asisi. Amene anatuluka m'nyumba mwanumo anathawa zomwezi."

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Munabwera ndi alandilodi, munazungulira ndi alandilodi, munapita. Ife tikanayankhula pati? Ifenso timakhala pomwepa."

Mayi ameneyu sadalakwe. Nyumba ya lendi imaonedwa kawiri. Koyamba umaiona ndi amene akufuna ndalama zako, ejenti kapena mwini wake, ndipo umaona zimene iwo akuloza. Kachiwiri umabwerera wekha, osauza munthu, makamaka madzulo anthu ataweruka, n'kukhala pa benchi la pagolosale. Mayi amene masana adangoti kuno n'kwabwino alandilodi ali chapafupi, madzulo akuuza tsiku limene madzi adatuluka komaliza. Wa kabaza akuuza njira imene sadutsa ikakwana eyiti, ndi mtengo weniweni wa kumsewu waukulu. Makutu ako akuuza za shabini ya kuseri, kapena za mpingo wa zimkuzamawu umene mapemphero ake amayamba ena akamagona. Funso limene limatsegula zonse ndi lakuti amene adatuluka muno adatulukiranji, ndipo adapita kuti. Nthawi zambiri sakhala patali, ndipo munthu amene adatuluka atakwiya sabisa kanthu. Amene ali ndi mwayi wosankha nthawi afune nyumba mu Januwale kapena Febuluwale, matope ali m'miyendo. Imene yakusangalatsa mvula ikugwa siingakukhumudwitse mu Juni.

Ndikudziwa chimene wofuna nyumba amayankha: ukachedwa ena atenga. N'zoona, nyumba zabwino zotsika mtengo sizikhalitsa. Koma tsiku limodzi lofunsa lingakuluzitse nyumba imodzi, pomwe kulipira osafunsa kudamudyera mphwanga lendi ya miyezi itatu, thumba la chimanga ndi chiwongoladzanja cha katapila. Ndipo mwini nyumba weniweni amene akukana kukudikira mpaka mawa madzulo wakuonetseratu mmene mudzakhalire.

Kutuluka kudavutanso. Polowa adangogwirizana pakamwa. Mphwanga ankakumbukira kuti notisi ndi mwezi umodzi. Mayi a nyumba ankakumbukira miyezi itatu. Dipoziti adati yapita ku laimu poti khoma lada, khoma lomwe lidadetsedwa ndi madzi a pa puloti yawo yomwe. Adanenetsa kuti bedi silituluka. Nkhani idakafika kwa amfumu, ndipo amfumu adafunsa chimene wapolisi kapena majisitireti akadafunsa: pepala lili kuti? Popanda pepala, mlandu wa pakati pa mwini puloti amene wakhala m'deralo zaka makumi awiri ndi mlendo wa miyezi inayi suvuta kuulosera. Amfumu adati agawa pakati. Dipoziti idatsala, bedi lidatuluka.

Nyumba imene akukhala pano idapezeka popanda ejenti. Mkazi wake adamva kwa amayi anzake a kumpingo kuti ku Zingwangwa kuli banja likusamukira ku Lilongwe pa ntchito. Adapita kukacheza ndi banjalo lisanapakire, adabwereranso madzulo, adadikira tsiku la mvula n'kupitanso. Lendi ndi yokwera kuposa ya ku Machinjiri, chimbudzi n'chapanja, matailosi mulibe. Koma mita ya magetsi ndi yawoyawo, mpopi amagawana ndi banja limodzi lokha, ndipo bilu amaiona ndi maso asanasonkhe. Kuntchito amayenda wapansi.

Tsiku lolipira adapita ndi msuweni wake monga mboni, ndi mapepala awiri olembedwa pamanja mofanana: mayina ndi manambala a ziphaso, lendi ndi tsiku lolipira, kutalika kwa notisi mbali zonse ziwiri, miyezi yomwe lendi siingakwezedwe, wokonza denga likadontha, manambala a pamita ya madzi tsiku lolowa. Makoma ndi mawindo adawajambula pafoni. Mwini nyumbayo, bambo wopuma ntchito ya njanji, adavala magalasi, adawerenga mpaka pansi, adakwinya nkhope.

"Mwana wanga, ndiye kuti sukundikhulupirira?"

"Ayi bambo, ndikukukhulupirirani. Kungoti mutu wangawu umaiwala."

Bamboyo adaseka, adapempha cholembera. Asanasaine adawonjezera mizere iwiri yawo pamapepala onse awiri: nkhuku ayi, ndipo geti limatsekedwa naini koloko. Mphwanga adali ataganiza kale zoweta nkhuku zingapo kuti zimuthandize kumaliza ngongole ya katapila ija. Adayang'ana msuweni wake, adasaina.